Mbiri ya PASI, bungwe limene linalowetsa alangizi a zamalamulo m'ndende za m'Malawi

Anthu ambiri akamva dzina la Bvumbwe amaganiza za msika: tomato, kabichi, mbatata ndi mkaka zimene zimadyetsa Limbe ndi Blantyre. Ena amakumbukira siteshoni ya kafukufuku wa zaulimi imene ili pamenepo kuyambira nthawi ya atsamunda. Koma ku Bvumbwe kulinso ndende ya achinyamata, yotchedwa Bvumbwe Young Offenders Rehabilitation Centre, kumene kumasungidwa anyamata olakwira malamulo. Monga zilili m'ndende zonse za dziko lino, ambiri mwa iwo anayankha mlandu okha, popanda loya pambali pawo.

Munthu wodziwa malamulo amene mkaidi wosauka amayamba kukumana naye kawirikawiri si loya wovala mkanjo wakuda. Amakhala mlangizi wa zamalamulo, amene kukhoti ndi kundende amangomutchula kuti paralegal: munthu amene anaphunzira malamulo a milandu ndi kayendetsedwe ka makhoti, koma alibe chilolezo choimira munthu pamaso pa woweruza. Bungwe limene linayambitsa ntchito imeneyi m'ndende zathu ndi Paralegal Advisory Service Institute, mwachidule PASI. Mbiri yake ikuonetsa kuti anthu ochuluka amene akuvutika m'ndende mosayenera sadikira mfundo zozama za malamulo. Amadikira munthu woti awafunse tsiku limene anamangidwa, tsiku limene anapita kukhoti komaliza, ndi kumene kuli abale awo.

Ufulu wa papepala

Kuyankha mlandu wopanda loya si zachilendo kuno. Kuyambira mu 1969, boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linapatsa makhoti a mafumu, a Traditional Court, mphamvu zozenga milandu ikuluikulu monga yakupha, ndipo m'makhoti amenewa loya sankaloledwa kuimira woimbidwa mlandu. Ngakhale Orton Chirwa, Mmalawi woyamba kukhala loya komanso nduna yoyamba ya zachilungamo, anazengedwa mlandu woukira boma m'khoti lotere pamodzi ndi mkazi wake Vera, amenenso ndi loya, popanda wowaimira. Mu 1983 anawagamula kuti anyongedwe, kenaka chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, ndipo Vera anatulutsidwa mu Januwale 1993.

Malamulo oyendetsera dziko a mu 1994 anabwera kudzatseka khomo limeneli. Gawo 42 likunena kuti womangidwa auzidwe chifukwa chimene wamangidwira, apite naye kukhoti pasanathe maola 48, apatsidwe belo pokhapokha ngati pali chifukwa chomveka chomukanizira, ndiponso kuti akhale ndi loya, wolipidwa ndi boma ngati chilungamo chikufuna kutero.

Papepala zinthu zinali bwino, koma maloya ake kunalibe. Kalembera wa mu 1998 anapeza anthu pafupifupi 10 miliyoni, pamene maloya anali mazana ochepa chabe, ndipo pafupifupi onse anali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Nthambi ya boma yoimira anthu osauka pa milandu, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1964 pansi pa unduna wa zachilungamo, inali ndi maloya ochepa kwambiri, ndipo nthawi yawo yambiri inkathera pa milandu yakupha. Wakuba nkhuku, womenya mnzake kumowa ndi wogwidwa vakabu ankadzionera okha.

Chotsatira chake chinali kudzaza kwa ndende ndi anthu a pa rimandi, odikira kuzengedwa mlandu. Doketi inkasowa kupolisi, wapolisi wofufuza ankasamutsidwa, mboni sinkabwera, galimoto yopita kukhoti inkasowa mafuta, ndipo munthu ankangoiwalika. Akuluakulu amati mlandu suola, koma m'zipinda za ndende za ku Chichiri ndi ku Maula anthu ndiwo ankaolera momwemo, ena mpaka kukhala nthawi yoposa chilango chimene akanalandira khoti likanawapeza olakwa.

Anayamba anthu 8

Maganizo oyambitsa ntchitoyi anachokera ku bungwe la Penal Reform International, limene linakhazikitsidwa ku London mu 1989 ndipo linali ndi ofesi ku Lilongwe, kumene kunali Adam Stapleton. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kafukufuku wa m'ndende anaulula mmene ana ankavutikira, makamaka ku Zomba: kusakanikirana ndi akaidi akuluakulu, kuchitidwa nkhanza chifukwa cha chakudya ndi bulangete, komanso kusungidwa mosatsata malamulo. Amene anagwira nawo ntchito yofufuzayo sanali maloya, komabe anatha kuona zolakwika m'mafayilo. Funso linali lakuti, ngati anthu otere atha kuona zolakwikazo kamodzi, n'chifukwa chiyani asamalowe m'ndende tsiku ndi tsiku?

Mu Meyi 2000 ntchito ya Paralegal Advisory Service inayamba ndi alangizi 8 okha m'ndende zinayi zikuluzikulu: Chichiri, Zomba, Maula ndi Mzuzu. Alangiziwo anachokera m'mabungwe anayi a m'dziko momwe muno, ndipo ena mwa mabungwewo anali Eye of the Child, Youth Watch Society ndi Malawi CARER, limene Vera Chirwa anayambitsa atatuluka m'ndende. Ndalama zoyambira zinachokera ku boma la Britain.

Chovuta choyamba chinali kuloledwa kulowa pageti. Akuluakulu a ndende ankawaona a mabungwe omenyera ufulu ngati anthu obwera kudzatola zoipa n'kukazilengeza pa wailesi. Kuti chikayiko chithe, mbali ziwirizi zinasainirana malamulo okhwima a kagwiridwe ka ntchito: mlangizi azigwira ntchito mogwirizana ndi asilikali a ndende, ndipo akaona vuto azikalitula kwa akuluakulu a ndendeyo, osati kuthamangira kwa atolankhani. Ena anaona ngati kumeneku n'kudzimanga manja. Koma patapita nthawi asilikali a ndende anazindikira kuti mkaidi aliyense wotuluka pa belo ndi malo ogona a munthu wina ndi mbale imodzi ya mgaiwa yopulumuka, ndipo anayamba kuitana okha alangiziwo. M'zaka zochepa chiwerengero chawo chinapitirira 30, ndipo anafalikira m'ndende zambiri, kenaka m'mapolisi ndi m'makhoti.

Sukulu ya pabwalo la ndende

Ntchito imene inatchukitsa bungweli ndi maphunziro a pabwalo. Akaidi a pa rimandi amakhala pansi, ena mazana, ndipo mlangizi amaima pakati. M'malo mowawerengera magawo a malamulo, amapanga nawo sewero. Mkaidi mmodzi amakhala majisitireti, wina wapolisi woimira boma, wina mboni, wina woimbidwa mlandu. Woimbidwa mlanduyo akafunsidwa ngati akuvomera, n'kuyankha kuti akuvomera chifukwa choti watopa ndi kudikira, mlangizi amaimitsa sewero n'kufunsa gulu ngati mnzawoyo wachita bwino. Amakambirana, wina amadzuka n'kulowa m'malo mwake, ndipo amayesanso.

Mwa njira imeneyi munthu wosadziwa kuwerenga amaphunzira kupempha belo: kunena kumene amakhala, ntchito imene amagwira, ndi abale amene angamuimire kuti sathawa. Amaphunzira kufunsa mboni mafunso m'malo mokangana nayo, kusiyanitsa kupha mwadala ndi kupha mwangozi, kudandaula asanapatsidwe chilango kuti n'koyamba kulakwa ndipo ali ndi ana owasamalira, ndi kuchita apilo ngati sakukhutira. Amayamba wayeserera pamaso pa anzake, kuti tsiku la kukhoti mawu asamuthere.

Mbali ina ya ntchito ndi yosaoneka, ya kope ndi cholembera. Mlangizi amayenda chipinda ndi chipinda kulemba mayina a amene zikalata zowasungira zinatha mphamvu, amene anapatsidwa belo koma abale awo sakudziwa, odwala kwambiri, okalamba, amayi oyembekezera ndi ana. Mndandandawo amapita nawo kwa majisitireti ndi kwa oimira boma pa milandu. Pamenepa ndi pamene panachokera makhoti a m'ndende, odziwika kuti camp court: majisitireti, kalaliki ndi woimira boma amapita okha kundende, n'kukhala patebulo, n'kuona milandu ya pa mndandandawo umodziumodzi. Ena amapatsidwa belo, ena amamasulidwa chifukwa boma lalephera kubweretsa umboni, ena amauzidwa tsiku lenileni la mlandu wawo. Majisitireti amene waona ndi maso ake anthu akugona chokhala, mothithikana pamalo amene akaidi amati pa shamba, amaganiza kawiri asanatumize munthu ku rimandi pa mlandu wa nkhuku.

Zipatso zake zinaoneka. Ntchitoyi isanayambe, mwa akaidi atatu alionse, woposa mmodzi anali wa pa rimandi. Patatha zaka zosakwana khumi, chiwerengerocho chinatsika kufika pochepera mmodzi mwa asanu, chimodzi mwa ziwerengero zotsika kwambiri mu Africa pa nthawiyo.

Ana, minda ya tiyi ndi ndende ya Bvumbwe

Boma la Thyolo, kumene kuli Bvumbwe, lili ndi anthu oposa 700,000 malinga ndi kalembera wa mu 2018, ndipo gawo lalikulu la nthaka yabwino lili m'manja mwa maesiteti kuyambira nthawi ya thangata. Mabanja ambiri amalima timinda tating'ono m'mphepete mwa minda ya tiyi, ya makadamiya ndi nkhalango za bulugamu. N'chifukwa chake milandu ina ya kuno imayambira pa mtolo wa nkhuni kapena kathumba ka makadamiya.

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 15 amene alonda amugwira ndi kathumba kotere n'kumupereka kupolisi. Alibe chikalata cha kubadwa, ndipo thupi lake n'lalikulu chifukwa cha maganyu. Papepala alembapo zaka 19. Nambala imeneyo ikangolembedwa, mnyamatayo wasanduka munthu wamkulu: agona m'chitokosi ndi akuluakulu, aweruzidwa m'khoti la akuluakulu, ndipo akhoza kuvomera mlandu osadziwa tanthauzo lake. Makolo ake mwina akuthyola tiyi, ndipo kujomba tsiku limodzi ndiye kuti malipiro a tsikulo apita. Apa ndi pamene mlangizi amalowererapo. Amakwera kabaza kukafunafuna mayi ake, amapempha khadi la kusikelo kapena kalata ya mphunzitsi wamkulu, amalankhula ndi a mfumu, ndipo amadziwitsa ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Zaka zenizeni zikadziwika, mlandu waung'ono ukhoza kuthera kunja kwa khoti: mwanayo apepese, katundu abwezedwe, makolo alonjeze kumuyang'anira, ndipo abwerere kusukulu.

Lamulo loteteza ana la mu 2010, la Child Care, Protection and Justice Act, linalimbikitsa njira imeneyi. Linakhazikitsa makhoti a ana ndipo linaletsa kuika mwana m'ndende pa mlandu uliwonse. Mwana wodikira mlandu ayenera kusungidwa kumalo achitetezo, ndipo wopezeka wolakwa apite kosulira khalidwe monga ku Mpemba m'boma la Blantyre kapena ku Chilwa m'boma la Zomba. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo oyendetsera dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 aziwerengedwa mwana.

Komabe ana anapitirira kupezeka m'ndende. Mu Juni 2018, Khoti Lalikulu ku Blantyre, pamaso pa Jaji Sylvester Kalembera, linaunika nkhani ya ana amene ankasungidwa ku Bvumbwe ndi ku Kachere mu Lilongwe. Linagamula kuti malo awiriwa ndi ndende basi, ngakhale atchedwe mayina okoma, ndipo linalamula kuti anawo asamutsidwe pasanathe masiku 30. Mlanduwu anaukankha ndi a Centre for Human Rights Education, Advice and Assistance, CHREAA, mothandizidwa ndi Southern Africa Litigation Centre. Sunali wa PASI, koma unatheka chifukwa cha mwambo umene PASI inayambitsa, woti anthu akunja odziwa malamulo azilowa m'ndende n'kuona amene alimo. Mwana amene sanawerengedwe ndi aliyense sangatulutsidwe ndi chigamulo chilichonse.

Dzina la Lilongwe lipita kutali

Mu Novembala 2004 nthumwi za maiko oposa 20 zinakumana ku Lilongwe kukambirana za thandizo la zamalamulo pa milandu yaupandu mu Africa. Mfundo zimene anamanga, zotchedwa Lilongwe Declaration, zinanena poyera kuti maiko a mu Africa alibe maloya okwanira, choncho alangizi a zamalamulo, ophunzira malamulo ndi mabungwe ayenera kuvomerezedwa kuti athandize. Bungwe la African Commission on Human and Peoples' Rights linavomereza mfundozi mu 2006, ndipo mu 2012 msonkhano waukulu wa United Nations unakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse ya thandizo la zamalamulo imene imatchula alangizi otere. Maiko monga Kenya, Uganda, Sierra Leone ndi Bangladesh anatengera njira ya ku Malawi. Si kawirikawiri kuti dziko lino likhale lophunzitsa ena pa za ndende, koma apa zinatero.

Mu 2007 ntchitoyi inachoka m'manja mwa Penal Reform International n'kukhala bungwe loima palokha la Amalawi, pansi pa utsogoleri wa a Clifford Msiska. Apa ndi pamene dzina la PASI linayambira. Chaka chotsatira bungweli linatembenukira kumudzi, kumene milandu imayambira. Linayamba kuphunzitsa anthu odzipereka, amayi ndi abambo osankhidwa m'midzi mwawo, luso loyanjanitsa anthu pa mikangano ing'onoing'ono: ngongole, malire a munda, mbuzi zodya mbewu, kutukwanizana. Oyanjanitsawa saweruza ndipo salipiritsa. Amakhazika pansi mbali ziwiri mwachinsinsi, m'chinenero chawo, mpaka eni ake agwirizane. Milandu ikuluikulu monga kugwiririra amaitumiza kupolisi. Nkhani ikathera pamenepo, ndiye kuti munthu mmodzi sanalowe m'chitokosi.

Mlandu wa Kafantayeni

Ntchito yolemera kwambiri imene alangizi a PASI agwirapo inabwera ndi mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake. Mu Epulo 2007 Khoti Lalikulu linagamula kuti lamulo lokakamiza jaji kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Mu 2010 Khoti la Supreme linaonjezera kuti onse amene analandira chilangocho mwa njira imeneyo ayenera kumvedwanso. Ntchito yowamvanso inayamba mu 2015, motsogozedwa ndi Malawi Human Rights Commission, mogwirizana ndi makhoti, oimira boma pa milandu, maloya a boma ndi oima paokha, bungwe la Reprieve ndi akatswiri a ku yunivesite ya Cornell ku America.

Vuto linali lakuti mafayilo ambiri anali atasowa, ndipo akaidi ena anali atakhala m'ndende zaka zoposa 15. Jaji akanadziwa bwanji kuti munthuyo anali wotani asanapalamule? Alangizi ndiwo anayenda m'midzi. Anakhala pansi ndi makolo, anansi ndi mafumu, kufunsa za ubwana wa mkaidiyo, za matenda a maganizo, za njala ya chaka chimenecho, ndi zimene zinachitika tsiku limene mlanduwo unapalamulidwa. Anapitanso kubanja la womwalirayo, ulendo wofuna ulemu ndi kuleza mtima, kukamva maganizo awo. Anafunsa a mfumu ngati mudzi ungamulandire munthuyo akatuluka. Akaidi oposa 150 anamvedwanso, oposa 100 anatuluka, ndipo panalibe amene anapatsidwanso chilango cha imfa. Mu 2017 PASI ndi a Cornell anafunsa mafumu oposa 100 a m'midzi imene munachokera akaidiwa, ndipo ochuluka kwambiri anati sakugwirizana ndi chilango cha imfa. Chilangochi chikadali m'malamulo, ngakhale kuti dziko lino linanyonga munthu komaliza mu 1992.

Zimene zatsala

Boma nalo lasuntha. Nthambi yakale ija yoimira anthu osauka inalowedwa m'malo ndi Legal Aid Bureau, bungwe loima palokha limene linayamba ntchito mu 2015 motsogozedwa ndi a Masauko Chamkakala, ndipo latsegula maofesi m'maboma. Malamulo a kazengedwe ka milandu anasinthidwa mu 2010 kuti munthu asasungidwe pa rimandi kupitirira masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti, kapena masiku 90 pa milandu ikuluikulu, popanda chilolezo cha khoti. Maloya oima paokha tsopano amafunika kugwirako ntchito yaulere kuti chiphaso chawo chiwonjezedwe. Mu 2017 Khoti Lalikulu, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, linathetsa gawo la lamulo la vakabu limene apolisi ankasesera nalo anthu osauka usiku.

Koma ndende zikadali zodzaza. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti linalamula boma kuti lichepetse kuthithikana ndi theka m'miyezi 18 ndi kukonza chakudya cha akaidi. Zaka zadutsa, ndipo ndende zathu zikusungabe anthu ochuluka kwambiri kuposa malo ake. Nayo PASI yakhala ikudalira ndalama za maiko akunja, monga Britain ndi European Union. Thandizo likachepa, alangizi amachepa, ndipo ndende zakutali ndizo zimayamba kusiyidwa.

Palinso mkangano wa malire a ntchito ya mlangizi. Mu 2021 Legal Aid Bureau inapempha kuti lamulo lisinthidwe kuti alangizi ake aziloledwa kuimira anthu pa milandu ing'onoing'ono m'makhoti a majisitireti. Bungwe la maloya la Malawi Law Society linakana, ponena kuti wosauka nayenso ayenera loya weniweni, ndipo boma lingolemba ntchito maloya ambiri. Mfundo imeneyi ili ndi nzeru zake. Koma m'makhoti ambiri a kumidzi majisitireti si loya, ndipo woimira boma ndi wapolisi amene anaphunzira ntchitoyo pa kosi. Mbali zonse zili ndi munthu wodziwa malamulo kupatula woimbidwa mlandu. Kumuuza munthu wa kwa Bvumbwe kuti adikire loya wa ku Blantyre n'chimodzimodzi kumuuza kuti ayankhe yekha. Ntchito ya PASI kuyambira mu 2000 ndi umboni wokwanira kuti mlangizi wophunzitsidwa bwino, woyang'aniridwa ndi loya, ndi wodziwa polekezera, amathandiza ndipo saononga. Boma liyenera kuivomereza ntchito imeneyi m'malamulo ndi kuiikira ndalama mu bajeti, osangoisiyira abwenzi akunja.

Kwa inu owerenga, mbale wanu akamangidwa musakhale pakhomo kudikira. Pitani kupolisi tsiku lomwelo, ndipo kumbukirani kuti belo ya kupolisi ndi yaulere. Maola 48 akatha asanapite naye kukhoti, funsani chifukwa chake. Ngati womangidwayo ndi mwana, tengani khadi lake la kusikelo kapena chikalata cha kubadwa, ndipo musachoke mpaka zaka zake zenizeni zitalembedwa. Mukafika kukhoti kapena kundende, funsani ngati pali paralegal kapena ofesi ya Legal Aid Bureau, ndipo mufotokozereni nkhani yonse popanda kubisa.